Kungoika TM, kulembetsa kwanu, ARIPO kapena Madrid: dzina la bizinesi mulitchinjirize bwanji?

Pali nkhani ina yomwe anthu a bizinesi timaikumbukira mochedwa, nthawi zambiri zinthu zitavuta kale. Mwavutika zaka zitatu, makasitomala ayamba kukudziwani, mwasindikizitsa mapaketi, chikwangwani mwakhoma, peji ya pa Facebook ikuyenda bwinobwino, kenako tsiku lina mukungolandira kalata ya loya yoti musiye dzinalo chifukwa mwini wake analembetsa. Inu nkumati mwini wake utinso, si ine ndinayamba? Eya munayamba ndinu, kungoti m'mayiko ambiri sayamba nkufunsa kuti anayamba kugulitsa ndani, amafunsa kuti anayamba ndani kukatula fomu ku ofesi.

Ndipo musaganize kuti zimagwera ang'onoang'ono okha ayi. Burger King itafuna kulowa ku Australia inapeza dzinalo linalembetsedwa kale ndi munthu wina wa ku Adelaide, nde shopu yoyamba yomwe inatsegulidwa ku Perth mu 1971 anaitcha Hungry Jack's, mpaka lero kumeneko dzina ndi lomwelo. Apple nayo mu 2012 inalipira kampani ya Proview madola 60 miliyoni kuti dzina la iPad likhale lake ku China. Ngati zimphona zimenezi zinapunthwa pa dzina, kuli bwanji inu ndi ine amene loya timamuona pokhapokha zathina.

Tiyambe tamvana kaye kuti trademark ndi chani. Ndi chizindikiro chomwe chimauza wogula kuti katundu uyu wachokera kwa uje osati kwa wina, chikhoza kukhala dzina, logo, mawu okopa aja mumalemba pansi pa dzina, penanso mtundu kapena kaumbidwe ka botolo. Si zachilendo izi, ku Britain chizindikiro choyamba kulembetsedwa chinali kachithunzi kofiira ka ngodya zitatu ka kampani ya mowa ya Bass mu 1876. Zinthu ziwiri zoti zikhale m'mutu musanapitirize kuwerenga: trademark imathera pa malire a dziko lomwe mwalembetsako, komanso imateteza katundu kapena ntchito zomwe munatchula pa fomu basi. Palibe setifiketi imodzi ya dziko lonse lapansi, wina akakuuzani kuti akupezerani imeneyo gwirani chikwama chanu zolimba.

Njira yoyamba: osalembetsa, kungoika ka TM

Iyi ndi yomwe ambiri tilimo olo sitinachite kuisankha. Ka ™ kaja aliyense akhoza kuika, sikafuna chilolezo cha munthu, kamangotanthauza kuti ine dzinali ndikulitenga ngati chizindikiro changa. Ka ® kaja nde ayi, kameneko nka amene analembetsa ndipo zinatheka, kukaika musanalembetse m'mayiko ambiri ndi mulandu, ku Britain mwachitsanzo lamulo limanena mosabisa. Nde opanga ma logo ena amangokaphatikapo poti kamaoneka bwino, auzeni achotse.

Kodi osalembetsa ndekuti mulibe chitetezo chilichonse? Osati kwenikweni. M'mayiko omwe malamulo awo anatengera ku England muli mulandu wina umene amautcha passing off, woti munthu akugulitsa katundu wake ponamizira kuti ndi wanu. Koma kuti muwine muyenera kuonetsa khothi zinthu zitatu, kuti dzinalo anthu amalidziwa ngati lanu, kuti mnzanuyo akusocheretsa ogula, komanso kuti mwaluza kapena muluza nazo. Umboni wake si wamasewera, malisiti a zaka, zotsatsa malonda, mboni zoti zinagula katundu wake poganiza kuti ndi wanu, ndipo zonsezi loya akuwerengera maola. Mwini setifiketi sadutsa mu zonsezo, amangotula pepala pa tebulo. Ku America nawonso amalemekeza amene anayamba kugwiritsa ntchito dzina, koma kawirikawiri ufulu wake umathera mdera lomwe akudziwikalo. Ku China ndi mayiko ena ambiri nde woyamba kulembetsa ndi amene amakhala patsogolo.

Ine ndimati njira iyi ndi ya munthu amene akuyesa chabe, dzina lomwe mwina mwezi wa mawa alisintha. Mukangoyamba kuthira ndalama pa mapaketi ndi zikwangwani, yatha ntchito.

Njira yachiwiri, yomwe kwenikweni si njira: "ndinalembetsa kampani"

Apa nde pamene ambiri amagona tulo tabodza. Setifiketi ya kampani kapena ya dzina la bizinesi imakupatsani mwayi wotsegula akaunti ku banki, kulipira msonkho, kusaina ma kontirakiti, komanso imaletsa wina kulembetsa kampani ya dzina lofanana ndendende. Koma siikupatsani mphamvu yoletsa munthu kumata dzinalo pa sopo wake kapena nsapato zake. Ndi makaundula awiri osiyana, olo pena amasungidwa mu ofesi imodzi ndipo amene akukuthandizani akhoza kukhala kalaliki yemweyo. Chimodzimodzi domain ya webusaiti ndi dzina la pa Instagram kapena TikTok, kumeneko nkungoyambirira kufika pa mzere, si umwini. Ndipo zimatha kutembenuka, amene ali ndi trademark akhoza kukadandaula nkukulandani dzina la peji lomwe mwakhala nalo zaka.

Njira yachitatu: kulembetsa m'dziko lanu

Kwa anthu ambiri amene akuwerenga pano yankho ndi ili, ndipo ndikhalitsapo chifukwa zolakwika zambiri zimachitikira pompa, osati ku maofesi a kunja.

Kayendedwe kake nkofanana pafupifupi kulikonse. Mumayamba ndi kufufuza ngati wina sanatenge kale dzinalo kapena lofanana nalo, mumadzadza fomu nkulipira, a ofesi amaunika, akakhutira amalengeza mu gazeti kapena magazini yawo kuti amene ali ndi chotsutsa abwere, nthawi yotsutsa ikatha popanda wodandaula setifiketi imatuluka. Nthawi yotsutsayo imasiyana, ku America ndi masiku 30, ku Britain miyezi iwiri, ku European Union itatu. M'mayiko ambiri chitetezo chimakhala cha zaka 10 ndipo mumawonjezera zina 10, zinanso 10, mpaka kalekale bola mukulipira. Apa nde trademark imaposera patent, ija yoteteza chinthu chatsopano chomwe munthu watulukira, yomwe imatha pakadutsa zaka 20.

Kufufuza kuja musakudumphe chonde. Pali malo aulere pa intaneti monga Global Brand Database ya WIPO (bungwe la United Nations loona za trademark ndi patent) ndi TMview, koma si mayiko onse amene makaundula awo alimo mokwanira, nde kafukufuku wa ku ofesi ya kwanu amafunikabe. Ndipo musamangoyang'ana dzina lofanana chilembo ndi chilembo. Ofesi imayang'ana kamvekedwe, kaonekedwe ndi tanthauzo, kusintha C kukhala K kapena kuwonjezera ka S kumapeto sikukupulumutsani ngati wogula wamba akhoza kusokonezeka.

Kenako pali nkhani ya makalasi. Katundu ndi ntchito zinagawidwa m'makalasi 45 potsatira mgwirizano womwe unasainidwa ku Nice mu 1957, 1 mpaka 34 ndi katundu, 35 mpaka 45 ndi ntchito. Zovala, nsapato ndi zipewa zili mu 25, zodzola ndi sopo wosamba mu 3, zikwama mu 18, mapulogalamu a pa kompyuta ndi pa foni mu 9, kutsatsa malonda ndi kuyendetsa shopu mu 35, malo odyera ndi ogona mu 43. Nchifukwa chake pali sopo wa Dove wa Unilever komanso chokoleti cha Dove cha Mars, pali ndege za Delta komanso mipopi ya madzi ya Delta, sakanganirana poti palibe amene angasokoneze. Kalasi iliyonse ndi ndalama yake, nde pamakhala mayesero awiri, wina amaumira nkulembetsa kalasi imodzi pomwe akugulitsa zovala ndi zikwama zomwe, winanso amafuna kutenga makalasi khumi kuti atseke aliyense. Onse awiri alakwitsa, wachiwiriyo tiona chifukwa chake tikafika pa nkhani yosagwiritsa ntchito. Lembani zomwe mukugulitsa lero ndi zomwe mukudziwa ndithu kuti muyamba m'zaka ziwiri zitatu zikubwerazi, chifukwa fomu ikalowa simungawonjezere katundu wina, mumayambanso ina.

Funso lina lomwe limabwerabwera, ndilembetse dzina kapena logo? Ngati ndalama ikukwana chimodzi, dzina. Mukalembetsa mawu okhaokha mwateteza dzinalo kaya lalembedwa mwa mtundu wanji, zilembo zanji, pa chikwangwani kapena pa wailesi pomwe logo siioneka nkomwe. Logo imasintha, pakatha zaka zisanu mudzaiona ngati yachikale nkupangitsa ina, setifiketi ija nkutsala ikuteteza chithunzi chomwe simukuchigwiritsanso ntchito. Logo imathandiza pamene dzina lanu ndi lofooka moti palokha silingadutse, koma dziwani kuti pamenepo chomwe mwateteza kwambiri ndi chojambulacho osati mawuwo.

Dzina lofooka ndi liti? Ndi lija lomwe limangofotokoza katundu. Sopo Woyeretsa, Nsapato Zolimba, Zotchipa, amenewa ofesi imakana chifukwa ogulitsa sopo ena onse ali ndi ufulu wonena kuti wawo amayeretsa. Chomvetsa chisoni nchakuti mayina oterewa ndi amene timawakonda poyamba bizinesi poti kasitomala amamva msanga. Amphamvu ndi aja ongopeka ngati Kodak, lomwe George Eastman anapanga mu 1888 lopanda tanthauzo lililonse, kapena mawu odziwika oikidwa pa chinthu chosagwirizana nawo ngati Apple pa makompyuta. Wogulitsa zipatso sangalembetse Apple, wogulitsa mafoni angathe. Mbendera ndi zizindikiro za boma, mawu otukwana, ndi mayina onamiza anthu za komwe katundu wachokera, zimenezo musavutike nazo nkuyesa komwe.

Kaya mupite nokha kapena mutume loya, zimatengera. M'dziko lanu, dzina loyera, kalasi imodzi, ambiri amakwanitsa okha. Koma kafukufuku akaonetsa dzina loyandikana, kapena ofesi yakubwezerani fomu ndi mafunso, kapena wina watsutsa, pezani amene amagwira ntchito imeneyi tsiku ndi tsiku, si loya aliyense amene amazitsata za trademark. Kunja nde kawirikawiri mulibe chisankho, mayiko ambiri amafuna wothandizira wa komweko, America kuyambira 2019 imafuna loya wovomerezeka kumeneko kwa aliyense wokhala kunja.

Kachinthu kena kakang'ono koma kamaswa maubale: fomu ilembedwe m'dzina la ndani. Ngati muli awiri kapena atatu mu bizinesi ndipo mmodzi walembetsa m'dzina lake, tsiku lodzasiyana adzanyamuka nalo dzinalo ngati jekete lake. Kambiranani lero mukadasekererana. Komanso amene anakujambulirani logo akulembereni kuti ufulu wonse wa chojambulacho waupereka kwa inu, kumulipira kokha m'malamulo ambiri sikusamutsa umwini.

Mukafuna kudutsa malire

Apa pali misewu itatu, kulembetsa dziko ndi dziko, kudutsira ku ofesi ya chigawo yomwe imatumikira mayiko angapo, kapena Madrid, njira yolembetsa m'mayiko ambiri ndi fomu imodzi. Musanasankhe dziwani mwayi umodzi womwe unachokera mu mgwirizano wa Paris wa 1883: mukatula fomu kwanu muli ndi miyezi 6 yokatula m'mayiko ena ndipo amakuwerengerani tsiku loyamba lija. Ndekuti wina akakuberani nzeru nkuthamangira kukalembetsa m'mwezi wachinayi, inu mukafika wachisanu muli patsogolo pake. Miyezi 6 ikadutsa mukhoza kulembetsabe, kungoti mwayi wa tsikuwo wapita.

Dziko ndi dziko ndi njira yotopetsa, loya wake wake, fomu yake yake, tsiku lowonjezera lake lake, ndalama zosiyanasiyana. Koma ndi yolimba, setifiketi iliyonse imaima payokha, ina ikagwa zinazo sizigwedezeka. Ngati mukufuna mayiko awiri kapena atatu okha nthawi zambiri ndi yomwe imamveka. Komanso pali misika ikuluikulu komwe mulibe kuchitira mwina, South Africa ndi Nigeria sizili mu Madrid ndipo ARIPO, ofesi ya chigawo ya mayiko ena a mu Africa, siifikako, kumeneko mumagogoda pa khomo lawo basi.

Maofesi a chigawo anthu amawaphatikiza ngati ndi amodzi pomwe amagwira ntchito mosiyana kwambiri. Wa European Union, EUIPO, uli ku Alicante ku Spain, fomu imodzi mayiko 27, pa intaneti kalasi yoyamba ndi mayuro 850, yachiwiri 50, kuyambira yachitatu 150 iliyonse. Mukawerengera mayikowo ndi zotchipa zedi. Vuto lake ndi loti chimakhala chinthu chimodzi, munthu mmodzi yekha amene ali ndi dzina lofanana ku Portugal kapena ku Malta akatsutsa nkuwina, fomu yonse yagwa, mumatsala ndi ntchito yoisandutsa mafomu a dziko ndi dziko nkulipiranso. Ndipo Britain simo, anatuluka, kuyambira 2021 kumeneko nkulembetsa padera. OAPI ya ku Yaoundé nayo ndi chimodzimodzi, mayiko 17 ambiri olankhula Chifalansa monga Cameroon, Senegal ndi Côte d'Ivoire, ndipo kumeneko kulibe zolembetsa m'dziko limodzi, mukafuna Senegal yokha mumatenga onse 17.

ARIPO ya ku Harare nde ina. Trademark zimadutsira mu Banjul Protocol ya 1993 yomwe inayamba kugwira ntchito mu 1997, ndipo mumachita kusankha mayiko omwe mukufuna, dziko lililonse nkuunika palokha, likhoza kukana pomwe ena avomera. Chenjezo loyamba, si dziko lililonse la ARIPO lomwe lili mu Banjul, Kenya mwachitsanzo ndi membala wa ARIPO koma trademark yanu ya ARIPO siikafika ku Nairobi. Botswana, Zimbabwe, Namibia, Uganda, Lesotho ndi Mozambique ndi ena mwa omwe alimo. Chenjezo lachiwiri ndi lomwe maloya amakonda kunong'oneza, m'mayiko ena boma linasaina mgwirizano koma lamulo la m'dzikomo silinasinthidwe kuti liuzindikire, nde setifiketi muli nayo koma tsiku la mulandu mnzanu akhoza kuimirira nkunena kuti pepala ilo kuno silidziwika. Ine ndingati msika womwe ndi mtima wa bizinesi yanu lembetsani mwachindunji, ARIPO ikhale ya mayiko owonjezera, ndipo funsani za dziko lililonse palokha musanalipire.

Madrid nde imene imamveka yapamwamba, ndipo ubwino wake ulipodi. Imayendetsedwa ndi WIPO ku Geneva, inayamba ndi mgwirizano wa 1891 koma yomwe ikugwira ntchito masiku ano ndi Protocol ya 1989, ndipo imafika m'mayiko opitirira 130. Fomu imodzi, chilankhulo chimodzi pakati pa Chingerezi, Chifalansa ndi Chisipanishi, ndalama imodzi ya ku Switzerland. Malipiro oyambira ndi mafranki 653, chizindikiro chikakhala cha mitundu 903, ndipo ochokera m'mayiko omwe United Nations imawaika pa osauka kwambiri amalipira gawo limodzi mwa khumi la ndalama yoyambirayo. Koma musasangalale msanga, pamwamba pake pamabwera ndalama ya dziko lililonse lomwe mwasankha ndipo ena monga America ndi Japan amatchula mtengo wawo wawo, nde bilu imakwera mwakachetechete. Kukoma kwake kwenikweni kumaoneka patsogolo, mukasintha adiresi, mukagulitsa kampani, mukamawonjezera zaka 10, zonse mumapanga pamalo amodzi, ndipo msika watsopano ukatseguka mumangowonjezera dziko pa fomu yomweyo. EU ndi OAPI mukhoza kuzisankha kudzera mu Madrid, ARIPO ayi.

Zomwe samakuuzani pa chiyambi ndi izi. Simungalowe mu Madrid popanda fomu kapena setifiketi ya kwanu, ndipo fomuyo imadutsira ku ofesi ya kwanu konko. Setifiketi ya WIPO si chivomerezo, dziko lililonse lili ndi miyezi 12 kapena 18 yoti likane, likakana nde mukufunikanso loya wa komweko amene mumati mwamuzemba uja. Chachikulu ndi ichi, kwa zaka zisanu zoyambirira zonse zimapachikika pa trademark ya kwanu ija. Ikagwa, kaya wina watsutsa kaya ofesi yakana, mayiko onse amagwera limodzi ngati nthochi yodulidwa tsinde. Pali mwayi wa miyezi itatu wozisandutsa mafomu a dziko ndi dziko koma nkulipiranso kwina. Nde munthu amene dzina lake kwawo likadali pa mkangano nkuthamangira Madrid ndi mayiko khumi ndi awiri, akumanga nyumba yosanja pa maziko osauma.

Ndiye mayiko ake ati? Kumene mukugulitsa, kumene muyambe posachedwa, ndi kumene katundu wanu amapangidwira. Chachitatuchi ambiri amaiwala. Ngati fakitale yanu ili ku China ndipo wina walembetsa dzina lanu kumeneko akhoza kuimitsa katundu wanu yemwe pa doko asanatuluke. Winanso woti mumuyang'anitsitse ndi amene amakugulitsirani katundu kunja, zimachitika kuti amalembetsa dzinalo m'dzina lake akuti pofuna kukuthandizani, tsiku lomwe mwafuna kusintha munthu nde mumadziwa kuti kumeneko mlendo ndinu. Malamulo amapereka njira yoti mulitengenso dzinalo koma ndi milandu ya zaka, bola kulemba mu kontirakiti poyambirira pomwe kuti dzina ndi la ndani.

Setifiketi ili m'manja, kenako?

Kuiika mu felemu nkuipachika sikokwanira. Trademark yosagwiritsidwa ntchito imafa, ku EU ndi ku Britain pakadutsa zaka zisanu wina akhoza kupempha kuti ifufutidwe, ku America ndi ku China zitatu zokha. Ku America amafunanso kuti pakati pa chaka chachisanu ndi chachisanu ndi chimodzi mutumize umboni woti mukuigwiritsadi ntchito, mukaiwala yapita. Apa nde pamene aja otenga makalasi khumi amagwira fuwa la moto. McDonald's yeniyeniyo mu 2019 inaluza Big Mac ku EUIPO pa mulandu ndi kampani ya ku Ireland ya Supermac's, osati poti samagulitsa ayi, koma umboni womwe anapereka a ofesi anati ndi wosakwanira. Anachita apilu nkubwezeredwa mbali ina, koma mu 2024 khothi la EU linati pa zankhuku dzinalo alibe nalo mphamvu. Nde sungani ma invoisi, zithunzi za mapaketi, zotsatsa zokhala ndi madeti, chaka ndi chaka, kafoda kamodzi basi.

Gwiritsani ntchito dzinalo mmene munalembetsera, ndipo musalole kuti lisanduke dzina la katundu yense wa mtunduwo. Zimamveka ngati ulemu anthu akamatchula mankhwala onse otsukira mano ndi dzina lanu, koma mapeto ake ndi owawa. Escalator linali dzina la kampani ya Otis mpaka 1950 pomwe anagamula ku America kuti langokhala liwu wamba la masitepe oyenda okha, mbali ina chifukwa eni akewo ankalilemba choncho m'zotsatsa zawo. Aspirin ya Bayer inatayika ku America mu 1921 pomwe ku Germany ikadali trademark, Thermos nayo inatsatira mu 1963. Mukabwereketsa dzina kwa wina, kaya ndi m'bale, lembani pepala lonena katundu wake, dera lake, ndi ufulu wanu woyendera kuona ngati akupanga zinthu zabwino, chifukwa wogula akadwala sakafunsa kuti anapanga ndani, awerenga dzina pa paketi.

Komanso chenjerani ndi makalata a akathyali. Fomu yanu ikangolengezedwa adiresi imakhala poyera, nde kumabwera ma invoisi ooneka ngati a boma, chidindo chilipo, dzina lofanana ndi la WIPO kapena ofesi ya kwanu, akuti lipirani msanga kuti mulowe mu kaundula wakutiwakuti. Musalipire musanafunse ofesi yeniyeni kapena loya wanu.

Wina akalowa m'munda mwanu

Ofesi siikulonderani, ntchito imeneyo ndi yanu. M'madera ena monga EU ofesi siikana yokha fomu chifukwa chofanana ndi yanu, imadikira kuti inuyo mutsutse. Nde pamafunika kusuzumira mu gazeti ndi pa intaneti nthawi ndi nthawi, kapena kulipira kampani yoti izikuyang'anirani.

Mukampeza, musayambe ndi khothi. Yambani mwatola umboni, gulani katunduyo, sungani lisiti, jambulani peji yake isanafufutidwe. Kenako onetsetsani kuti inuyo muli pabwino, kuti munayamba ndinudi, kuti setifiketi siinathe, kuti mukugwiritsa ntchito dzinalo pa katundu amene mukudandaulayo, chifukwa yankho loyamba la loya wa mnzanuyo lidzakhala kupempha kuti yanuyo ifufutidwe. Zikakhala bwino, kalata. Ambiri amene amatenga dzina la wina sadziwa nkomwe, kalata yaulemu yowapatsa miyezi ingapo yomalizira mapaketi akale imathetsa nkhani zambiri kuposa yoopseza, yomwe masiku ano amangoijambula nkuiponya pa intaneti inu nkuoneka ngati chimkango chodya tiana. Ku Britain kuopseza munthu popanda maziko pa nkhani ya trademark kukhoza kukubweretserani mulandu inuyo.

Ngati iye wangotula fomu kumene, kutsutsa ku ofesi nkotchipa kuposa kudzalimbana ndi setifiketi yotuluka kale, kungoti masiku ake ndi owerengeka ndipo sadikira munthu. Ngati akugulitsa pa Facebook, Instagram kapena Amazon, onsewa ali ndi mafomu odandaulira ndipo chinthu choyamba chomwe amafunsa ndi nambala ya trademark, wosalembetsa uja apa amangokanda mutu. Ngati watenga domain ya .com, pali njira ya UDRP yomwe inakhazikitsidwa mu 1999, WIPO ndi amodzi mwa oweruza, zonse zimachitika pa makalata ndipo zimatha m'miyezi iwiri itatu, koma muyenera kuonetsa kuti dzinalo likufanana ndi lanu, kuti iye alibe chifukwa chomveka chokhalira nalo, komanso kuti analitenga ndi mtima woipa. Akupatsani domain yokha, chipukuta misozi kulibe. Ngati ndi katundu wa feki wolowa kuchokera kunja, mayiko ambiri amalola kukalembetsa trademark yanu kwa a kasitomu kuti azigwira pa malire, ndipo feki yeniyeni yochita kukopera dala ndi nkhani ya apolisi.

Pali njira inanso yomwe anthu amaiona ngati kugonja pomwe nthawi zina ndi yanzeru, kugwirizana kuti nonse mukhalepo, iwe zovala ine mipando, iwe dziko ilo ine ili, nkusainirana. Kungoti lembani moganizira kutsogolo. Apple ya makompyuta ndi Apple Corps ya nyimbo anagwirizana mu 1981 kuti wamakompyuta asalowe mu nyimbo, kenako makompyuta anayamba kuimba, anakokanakokana m'makhothi mpaka 2007.

Khothi lisiyeni kumapeto, kwa munthu amene wakana zonsezi ndipo akukudyerani makasitomala zenizeni. Limatha kumuletsa, kulamula kuti katundu awonongedwe, kukupatsani chipukuta misozi, koma limadya ndalama ndi zaka ndipo palibe loya woona mtima amene angakulonjezeni kuti muwina. Adidas ndi maloya ake onse inaluza kwa Thom Browne ku New York mu 2023 pa nkhani ya mizere, iwo itatu mnzawoyo inayi.